Musaidumphe nyimbo yogonetsa mwana ija

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhepo pa mkangano womwe ndakhala ndikuumva pa wailesi, wokhudza oimba athu amene akutulutsa zimbale zodzudzula atsogoleri. Mnyamata wina amene anaimba foni pa pulogalamu ina ananenetsa kuti chimbale cha ndale chiyenera kuotcha kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Iye akuti woimba akalowetsamo kanyimbo kofatsa ndiye kuti wagwidwa njenjenje, apo ayi akungofuna kuti chimbale chiyende malonda. Ambiri amene anaimba pambuyo pake anamuvomereza. Ine ndikukana, ndipo mboni yanga ndi chimbale chimodzi chakale chomwe ndakhala nacho nthawi yaitali.

Ndine mayi wachikulire, mzamba wopuma pantchito, ndimakhala ku Ntcheu. Kulira kwa makanda usiku ndiye ntchito yomwe ndinakalambira, choncho pa nkhani ya nyimbo yogonetsa mwana ndili ndi chonena.

Chimbale ndikunenachi ndi An Evening with Belafonte/Makeba, chomwe Miriam Makeba wa ku South Africa ndi Harry Belafonte wa ku America anatulutsa mu 1965 pansi pa kampani ya RCA Victor. Chaka chotsatira chinapata mphoto ya Grammy, ndipo Makeba anakhala woimba woyamba wa muno mu Africa kulandira mphotoyi. Muli nyimbo 12. Awiriwa amaimbira limodzi ziwiri zokha, Mbombela ndi Malaika, zotsalazo anagawana zisanu zisanu. Mmodzi mwa amene anakonza zoimbira anali Jonas Gwangwa, katswiri wa lipenga yemwenso anali atathawa ku South Africa. Ine ndinachimva koyamba pa kaseti yomwe alongo anga anabwera nayo kuchokera ku Kitwe komwe ankagwira ntchito, ndipo masiku ano ndimachimvera pa foni, mdzukulu wanga anachita kundiikira.

Mnyamata uja akanachimva sakanapeza pokaikira kuti ndi chimbale cha ndale. Muli nyimbo ya Ndodemnyama, yochenjeza Hendrik Verwoerd pomutchula dzina, iye ali moyo komanso ali pampando wa nduna yaikulu ya boma la tsankho la ku South Africa. Amene anapeka nyimboyi, Vuyisile Mini, mtsogoleri wa anthu apantchito ku Port Elizabeth, anali atangonyongedwa kumene ku Pretoria mu Novembala 1964. Muli Nongqongqo, yomwe imatchula mmodzimmodzi atsogoleri omwe boma linawatsekera: Sobukwe, Luthuli, Mandela, Sisulu. Apa n'kuti Mandela ndi Sisulu atalamulidwa mu Juni 1964 kukakhala kundende moyo wawo wonse. Muli Mabayeke, yofuna malo abwezedwe, m'dziko lomwe lamulo la mu 1913 linasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 okha pa magawo 100 a nthaka ya makolo awo. Ndiye pali nyimbo yachikhumi, Mbayi Mbayi, yomwe sibisa mawu: ikunena za mizinga, za tsiku lomwe oponderezedwa adzabweze moto.

Mizinga ija ikangoti zii, nyimbo yotsatira ndi Thula Sthandwa Same, yomwe pachikuto anailemba kuti ndi nyimbo yogonetsa mwana. Woimba wake ndi Belafonte. Mawu ake, omwe mwachibadwa ndi osasa pang'ono, wawatsitsa pansi, sakuthamanga, sakukoka mtsempha, akuimba monga amaimbira munthu amene khutu la mwana lili pafupi ndi pakamwa pake. Siikwana n'komwe mphindi zitatu. Ife a kwa Gomani kuno chingoni chinatithera pakamwa kalekale, chinangotsalira m'ziwongo ndi m'nyimbo za ngoma, komabe ndikamva Chizulu cha m'nyimboyi khutu langa silichiyesa chachilendo.

Funso langa kwa mnyamata uja ndi ili: anthu amene analimba mtima kutchula Verwoerd ndi kuimba za mizinga, kodi mantha anawagwira mwadzidzidzi atafika pa nyimbo ya nambala 11? Ine ndikuti ayi. Nyimbo ija anaiika pamene paja mwadala, chifukwa ndi yomwe ikutiuza chimene mizinga ija ikumenyera.

Taonani moyo wa Makeba mwini wake. Anabadwa pa 4 Malichi 1932 ku Johannesburg. Ali ndi masiku 18 okha, mayi ake anamangidwa chifukwa chofulula mowa wa masese n'kumagulitsa, zomwe lamulo linkaletsa anthu akuda, ndipo khandalo linapita nawo kundende komwe linakhala miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya moyo wake. Ine monga mzamba ndikaganiza za chikuta cha mtundu umenewo mtima umandiwawa. Mwana wa masiku 18 amafunika kufunda, bere nthawi iliyonse, ndi mayi amene mtima wake uli m'malo. Ngati panali nyimbo yomwe mayi uja anaimbira mwana wake m'miyezi imeneyo, anaiimbira m'chitolokosi. Ndiye wina aziti nyimbo yogonetsa mwana ilibe ndale?

Mayi ake omwewo ankagwiranso ntchito m'nyumba za azungu, ndipo Makeba atasinkhuka nayenso anagwirapo ntchito yolera ana a eni. Apa ndi pamene pagona nkhani. Boma la tsankho linkafuna manja a mzimayi wakuda m'tauni, koma silinkafuna ana ake. Mayi ankagona kuboizikota kuseri kwa nyumba ya bwana, ana ake ali kutali kumudzi kapena kumalokeshoni ndi agogo awo. Madzulo alionse ankasambitsa mwana wa bwana, kumubereka, kumuimbira mpaka agone, pamene wake akugona ndi misozi kwina. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ankanena za pamudzi pomwe iwe ukalera wanga lero, ine ndidzalera wako mawa. Ku South Africa mwambiwu unkayenda mbali imodzi yokha. Amayi aja nyimbo anali nazo, mawu anali nawo, chomwe analandidwa ndi mwana womuimbira.

Makeba naye zinamuonekera ali wamkulu. Pochoka kwawo mu 1959 anasiya mwana wake mmodzi yekhayo, Bongi, yemwe anadzamutsatira ku New York chaka chotsatira. Pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo abale ake awiri anali m'gulu la ophedwawo. Chaka chomwecho mayi ake anamwalira, ndipo atafuna kupita kumaliro anapeza kuti boma lathetsa pasipoti yake. Sanaponye dothi pamanda a mayi amene anamuyamwitsa kundende uja.

Belafonte nayenso sanali mlendo pa zimenezi. Anabadwira ku Harlem mu 1927, mayi ake anali ochokera ku Jamaica ndipo ankagwira ntchito m'nyumba za anthu. Ali mwana anamutumiza ku Jamaica kukakhala ndi agogo ake kwa zaka zingapo. Mu Malichi 1965, chaka chomwe chimbalechi chinatuluka, iye anali limodzi ndi Martin Luther King pa ulendo wa zionetsero wochoka ku Selma kupita ku Montgomery. Ndimaona kuti chinali chanzeru kuti nyimbo yogonetsa mwanayi aimbe mwamuna. Akanaimba Makeba, omvera akanangoti ndi zachizimayi, n'kupitirira. Koma mawu a bambo akutonthoza mwana, m'chimbale chonena za dziko lomwe abambo anali m'migodi, m'makomboni a amuna okhaokha, ena kundende, akukumbutsa kuti bambo naye analandidwa mwayi womva mwana wake akupuma m'tulo pachifuwa pake.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi kasanjidwe ka nyimbo za kumapeto kwa chimbalechi. Yachisanu ndi chiwiri ndi Baile Banake, kulira kwa kholo lomwe ana ake apita. Yotsatira ndi Khawuleza, ndipo pa iyi ndikufuna ndichedwepo. M'nyimboyi woyankhula ndi mwana. Waona galimoto ya apolisi ikulowa m'lokeshoni, ndipo akukuwira mayi ake kuti afulumire asanagwidwe. Taganizani: mwana ndi amene wasanduka mlonda wa mayi ake. Mwana woyenera kusewera phada, woyenera kugona osadziwa kuti kunja kwagwanji, ndi amene maso ali kumsewu. Apolisi aja ankakonda kubwera usiku kapena m'mbandakucha, kugogoda zitseko, kufuna zitupa, kufukula pobisa mowa. M'nyumba zotere mwana samagona tulo tatikulu. Ndiye nyimbo zitatu pambuyo pake pakubwera mawu a munthu wamkulu akuuza mwana kuti atonthole. Zinthu zabwerera m'malo mwake: wamkulu ndiye akulondera, mwana waloledwa kukhala mwana. Dziko lomwe Mini anafera ndi limenelo, dziko loti mwana asamachite kukhala tcheru m'malo mwa mayi ake. Zambiri mwa nyimbo khumi zoyambirira zikunena chomwe chalakwika ndi amene walakwitsa. Iyi yokha ndi yomwe ikuonetsa, kwa mphindi zochepa, chomwe anthu aja akufuna.

Ndikunena izi ndikudziwa zomwe mantha amachita m'thupi la mayi. M'chipinda cha amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene ndinkaziona usiku uliwonse. Mayi amene wabwera ndi nkhawa, kaya wathawa nkhanza kunyumba, kaya sakudziwa kuti akatuluka akadya chiyani, mkaka umachedwa kutsika, mwana amakana bere, amalira osatonthola ngakhale wakhuta. Khanda limamva kugunda kwa mtima wa womunyamula, limamva kuuma kwa mikono yake. Kuti mwana agone, mayi ayenera ayambe wadzikhazika yekha mtima pansi. Tikamawauza amayi kuti muimbireni, theka la mankhwalawo linali la mayi mwini wakeyo, chifukwa munthu sungaimbe nyimbo yodekha ukupuma mwabefu. Choncho mzimayi amene akuimbira mwana wake modekha pamene akudziwa kuti chitseko chingathe kuthyoledwa nthawi iliyonse akuchita ntchito yofuna mphamvu zambiri. Akukana kuti mantha a boma alowe m'thupi la mwana wake. Ine kulimba mtima koteroko sindikuchepetsa poyerekeza ndi kwa amene akukuwa pamsewu.

Pali mfundo imodzi ya mnyamata uja yomwe ndikuivomereza. N'zoona kuti nyimbo zofewa ndi zomwe anthu amatola, zowawazo n'kuzisiya. Lero mukatchula Makeba, ambiri amakumbukira Malaika ndi Pata Pata basi, ndipo mawailesi athu akafuna kumukumbukira amaika zomwezo, ngati kuti mayiyu anali wongosangalatsa anthu pa zikwati. Azungu ambiri a ku America amene anagula chimbalechi n'kutheka ankamvera kukoma kwa mawu okha, osamva Chizulu, Chixhosa, Chisotho kapena Chiswahili. Koma mlandu umenewu ndi wa otolawo, si wa oimba. Ndiponso kwa mayi wa ku America amene sankamva liwu ndi limodzi lomwe, nyimbo yogonetsa mwana ndi yomwe sinafune womasulira. Aliyense amene anagonekapo mwana anaizindikira, ndipo akaizindikira ankadziwa kuti anthu omwe akuimba za mizinga aja ali ndi makanda ngati ake.

Za mantha ndiye tisanene n'komwe. Makeba anakaima pamaso pa bungwe la United Nations mu 1963 n'kupempha maiko kuti achitepo kanthu pa boma la kwawo, ndipo zotsatira zake nyimbo zake zinaletsedwa ku South Africa, iye n'kulandidwa unzika. Atakwatiwa mu 1968 ndi Stokely Carmichael, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, makonsati ake ku America anayamba kuthetsedwa, mpaka anasamukira ku Guinea. Bongi anamwalira mu 1985, mayi ake akadali moyo wothawa kwawo. Anadzabwerera ku South Africa mu 1990, Mandela atatuluka m'ndende, patatha zaka zoposa 30. Imfa yake mu Novembala 2008 inamupeza ku Italy atangotsika pansanja, pa konsati yolimbana ndi magulu a zigawenga a kumeneko. Munthu wotere sangaike nyimbo m'chimbale chifukwa choopa.

Wina afunsa kuti za ku South Africa zikutikhudza bwanji ife. Bambo anga anali mmodzi mwa amuna a ku Nyasaland omwe anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe la Wenela, ndipo ndikamva Mbombela, nyimbo ya sitima yomwe yatsegula chimbalechi, ndimaona iwowo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, ndipo ndi pamene boma lathu linaimitsa kaye kutumiza anthu. Tisaiwalenso kuti dziko lathu linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho lija mu 1967, ndipo Kamuzu anakacheza kumeneko mu 1971. Chuma cha golide chomwe chinkalimbitsa boma la Verwoerd ndi omutsatira chinakumbidwanso ndi manja a abambo athu, ndipo kuno kumudzi amayi athu ankagoneka ana okha. Ena mwa abambowo anatchona, ana anakula osawadziwa nkhope. Mayi anga ankatiimbira madzulo pamkeka, ndipo m'nyimbo zawo bambo ankakhala ali paulendo nthawi zonse, akubwera mawa.

Ulamuliro wa tsankho uja unatha mu 1994, koma ulendo wa ku Joni sunathe. Mwana wanga wamkazi ali ku Johannesburg, akulera ana awiri a banja lina, ndipo ake ndikulera ndine kuno. Mabwana ake ndi anthu abwino, sindikuwanena. Koma wamng'ono akavuta usiku, mayi ake amajambula mawu pa WhatsApp akuimba, ine n'kuika foni pafupi ndi khutu la mwana. Nthawi zina amaimba monong'ona chifukwa mwana wa abwana wagona pambali pake. Palibe wapolisi amene anamuthamangitsa kuno. Anamuthamangitsa ndi kusowa kwa ntchito, mtengo wa feteleza ndi fizi ya sukulu. M'mudzi mwathu muno agogo olera zidzukulu za a ku Joni ndife ambiri, mukhoza kubwera kudzationa tsiku la sikelo. Ngati woimba wina akufuna kufotokoza chomwe chuma chathu chachita kwa anthu, nyimbo ya pa foni ija ikunena zambiri.

Ndiye kwa oimba athu achinyamata ndikuti pitirizani kudzudzula. Imbani za kukwera kwa shuga, za mizere ya mafuta, za mankhwala osowa m'zipatala, za akuba ndalama za boma. Sindikukupemphani kuti mufewetse mawu. Ndikukupemphani kuti m'chimbale chomwecho musachite manyazi kuika nyimbo imodzi ya mayi kapena bambo akugoneka mwana amene wagona ndi phala lopanda shuga. Nyimbo yotukwana nduna anthu amafulumira kunena kuti woimbayo watumidwa ndi chipani chakuti, ndipo boma likasintha imafera pomwepo. Nyimbo ya kholo ndi mwana wake palibe angainamizire chipani, ndipo wa mbali iliyonse imamupeza kunyumba kwake. Poyambira muli napo kale. Nyimbo zathu za alezi, zomwe atsikana ankaimba atabereka mwana pamene mayi ali kudimba kapena kumtondo, sizinali zachibwana ayi. Zambiri zimanena za mayi amene wachedwa, za njala, za mlezi amene akudandaula kuti akumumana chakudya. Agogo anu akuzidziwa, ndipo ambiri a ife tikupita nazo kumanda popanda wozijambula. Tengani foni zanuzo mukakhale nawo pakhonde.

Kwa oulutsa mawu pa wailesi, pempho langa ndi lapafupi. Malichi ndi mwezi womwe Makeba anabadwa, ndi mwezi wa Sharpeville, komanso ndi mwezi womwe ife timakumbukira anthu athu omwe anaphedwa mu 1959. M'mwezi umenewu patulani nthawi muike nyimbo zisanu ndi imodzi zomaliza za chimbalechi motsatana, kuyambira Baile Banake mpaka Iph'Indlela, osadumpha ina, osalowetsa malonda pakati. Zonse pamodzi sizifika mphindi 20. Musanaziike, auzeni omvera kuti Vuyisile Mini anali ndani, kuti Makeba anayamwira kuti, ndiponso kuti mwana wa mu Khawuleza akukuwiranji. Kenako tsegulani mafoni, ndipo mnyamata uja akaimbanso mumupatse mpata woyamba, chifukwa ndikufunitsitsa kumva chomwe adzanene.

Ine wowerenga wanu,
Mzamba wopuma pantchito,
Ntcheu